Atachimenti ku magazini ya njinga: ndiyambire pati?

Wa pa Bembeke:

Zikomo akuluakulu. Ndili chaka chomaliza pa maphunziro a utolankhani, ndipo ndapeza malo a atachimenti ya miyezi itatu ku kamagazini kena kolemba za njinga zakapalasa zokhazokha. Ofesi yake ndi ya anthu ochepa, moti andiuza kuti ndizigwirira ntchito konkuno ku Dedza n'kumatumiza zolemba. Mkonzi wandipatsa ntchito zitatu: kuyesa njinga ziwiri zonyamulira katundu zimene sitolo ina yatibwereka n'kulembapo masamba awiri, kucheza ndi a kabaza a pa boma, ndi kukalemba mpikisano wa njinga umene ukubwera mwezi wamawa. Kupalasa ndimatha, koma za m'kati mwa njinga sindizidziwa, ndipo kusukulu tinazolowera kulemba za mpira ndi za kukhoti. Kodi njinga amaiyesa bwanji kuti wowerenga akhulupirire zimene walemba? Ndikonze chiyani ndisanayambe? Nanga oyamba kumene amapunthwa pati?

Mkonzi Wopuma:

Achemwali, njingazo zisiyeni kaye. Yambani mwamaliza ndi mkonzi wanu nkhani zimene zimadzakanganitsa anthu pambuyo, ndipo mayankho ake akhale olembedwa, ngakhale pa WhatsApp pomwe. Thiransipoti ndi bandulo akulipira ndani? Dzina lanu lizituluka pamwamba pa nkhani kapena ayi? Njinga yobwereka ikapindika foloko kapena ikabedwa ili m'manja mwanu, mlandu ndi wa yani? Funso lachitatuli ambiri amachita nalo manyazi, chonsecho njinga ziwiri zatsopano ndi ndalama zimene mwana wa sukulu sangabweze. Pemphaninso kalata ya chidindo yonena kuti ndinu ndani ndipo mukugwirira ntchito ndani. Apolisi a pamsewu, tcheyamani wa a kabaza ndi okonza mpikisano onse adzaifuna, chifukwa chiphaso cha kusukulu sichinena za magazini. Buku la atachimenti lizisainidwa Lachisanu lililonse, osadikira mwezi womaliza.

Magazini siyenda ngati nyuzipepala. Imene idzagulitsidwe mu Ogasiti imatsekedwa mu Julaye, choncho "dzulo" ndi "sabata yatha" alibe malo m'nkhani yanu. Lembani tsiku ndi mwezi. Masamba nawo amayenda anayianayi, chifukwa pepala limodzi lalikulu likapindidwa pakati limapereka masamba 4. N'chifukwa chake mumaona magazini ya masamba 24, 28 kapena 32, osati 30. Wotsatsa malonda akabwera mochedwa ndi ndalama m'manja, mkonzi sangawonjezere tsamba limodzi. Amadula nkhani, ndipo yoyamba kudulidwa ndi ya wa atachimenti. Ndiye funsani chiwerengero cha mawu musanalembe. Masamba awiri a A4 okhala ndi zithunzi ndi kabokosi ka manambala salowa mawu oposa 1,200, ndipo a Chichewa amalowa ochepera pamenepo poti ndi ataliatali. Zofunika kwambiri zikhale kumayambiriro, ndime ziwiri zomaliza zikhale zoti zitachotsedwa nkhani n'kukhalabe yathunthu.

Ntchito yeniyeni ya wa atachimenti ndi yosakoma kuitchula: kuimbira masitolo kufunsa mitengo, kulemba mawu a pansi pa zithunzi, kutaipa zotsatira za mipikisano, kuwerenga masamba asanapite kukasindikizidwa. Koma m'magazini ya njinga, apa ndi pamene mbiri ya munthu imamangidwa kapena kugwa. Owerenga anu ndi amakaniko ndi opalasa. Chiganizo chokhota amachikhululukira. Nambala yolakwika ya tayala saiiwala, chifukwa wina amakagula nayo tayala losalowa pa limu. Nambala iliyonse muiwerenge kawiri, chala chili pa kope lanu, diso lili pa tsamba. Mtengo uliwonse ukhale ndi tsiku ndi malo amene munaupeza, poti kwacha siima pamodzi. Dzina la munthu alembe yekha m'kope mwanu.

Chiyeso chachikulu ndi intaneti. Magazini a kunja, monga Cycling Weekly ya ku Britain imene inayamba mu 1891, amadzaza masamba ndi njinga za mipikisano zimene lamulo la UCI, bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga pa dziko lonse lapansi, limati zisapepuke kuposa makilogalamu 6.8. Wowerenga wanu akukankha matumba a mbatata ya kachewere kuchokera ku Tsangano. Sindikuti za kunja zisalembedwe. Biniam Girmay wa ku Eritrea atapambana zigawo zitatu za Tour de France, mpikisano waukulu wa njinga wa ku France, mu 2024 n'kutenga jezi yobiriwira ya wopeza mapointi ambiri, kapena mpikisano wa dziko lonse lapansi utachitikira ku Kigali, ku Rwanda, mu Seputembala 2025, koyamba mu Africa, zimenezo ndi nkhani zathu ndithu. Koma muzilembe m'mawu anu kuchokera pa zotsatira zimene eni mpikisano atulutsa, ndipo chithunzi cha pa Facebook kapena pa Google chili ndi mwini wake. Lamulo la kukopera la 2016 silinena kuti wophunzira ndi wokhululukidwa.

Tsopano za sitolo yakubwerekani njingazo. Mwachidziwikire ndi yomweyo imene imatsatsa malonda m'magazinimo, ndipo ikuyembekezera kutamandidwa. Zimenezi si zachilendo: Tour de France inayambitsidwa mu 1903 ndi nyuzipepala ya L'Auto pofuna kuti izigulidwa, ndipo Giro d'Italia, mpikisano wa ku Italy, inayambitsidwa mu 1909 ndi nyuzipepala ya La Gazzetta dello Sport. Malonda ndi zolemba za njinga zinakulira limodzi. Chokutetezani n'chakuti pansi pa nkhani mulembe kuti njingazi inabwereketsa ndi sitolo yakuti, eni sitolo asawerenge nkhani isanatuluke, ndipo mukapeza vuto muwauze vutolo kuti ayankhepo, yankho lawo mulilembe. Chipondamthengo chikaneni mwaulemu, ngakhale chibwere ngati pampu kapena kutsitsiridwa mtengo wa njinga.

Za a kabaza ndinene mwachidule. Osafunsa kuti "mumapeza zingati pa tsiku". Adzakuuzani za tsiku la msika kapena za tsiku loipitsitsa, kutengera zimene akuganiza kuti mwabwerera. Funsani za dzulo, za dzana, ulendo ndi ulendo. Funsani ngati njinga ndi yake kapena ya bwana, amapereka zingati kwa mwini wake, mwezi wathawu anakonzetsa chiyani, ndipo njinga zamoto zamulanda makasitomala ati. Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo makaniko wawo, ndiye nkhani yaima. Pemphani chilolezo cha dzina padera, cha chithunzi padera. Wooneka kuti sanafike zaka 18 musamutchule dzina kapena kumujambula nkhope.

Makaniko wa pa Lizulu:

Mlongo, a Mkonzi anena za pepala, ine ndinene za chitsulo. Kuyesa njinga si kukwera n'kubwera kudzati "imayenda bwino". Ndi kuyeza. Pezani tepi yoyezera, sikelo yolendewera ija ogula mbewu amagwiritsa ntchito, pampu yokhala ndi geji, masipanala a 8, 10, 13 ndi 15, choko, ndi foni yokhala ndi Strava kapena pulogalamu ina yoyeza mtunda ndi liwiro.

Tsiku loyamba musakwere. Ikoleni pa sikelo mulembe kulemera kwake monga momwe ikugulitsidwira, ndi kaliyala, sitandi ndi madigadi omwe. Kenaka werengani m'mbali mwa tayala. Pali manambala awiri: a mainchesi, ndi ena okhala ngati 40-635. Achiwiriwa ndiwo oona. 40 ndi kunenepa kwa tayala, 635 ndi kukula kwa limu m'mamilimita. Njinga zakale zija za mtundu wa Hero, Avon ndi Phoenix zolembedwa 28 x 1 1/2 ndi za 635. Njinga za kaunjika zochokera ku Ulaya nazonso zimalembedwa 28, koma ndi za 622. Kusiyana kwake ndi mamilimita 13, ndipo tayala la ina silikhala pa inzake ngakhale mulimenye bwanji. Choseketsa n'chakuti njinga yotchedwa 29 limu yake ndi 622 yomweyo, yaing'ono kuposa 28 yakale. Ya 26 ya m'mapiri ndi 559, ya 27.5 ndi 584. Lembani manambala onse awiri nthawi zonse. Onaninso valavu: pali ya Dunlop imene tinazolowera ija, pali yonenepa ngati ya galimoto yotchedwa Schrader, pali yowonda ya Presta. Wowerenga wa kumudzi ayenera kudziwa ngati pampu yake idzagwire.

Werengani mano a giya ya kutsogolo ndi a sipuloketi ya kumbuyo. Ikani choko pa dzino loyambira kuti musasokonezeke. Ndiye yezani mtunda umene tayala limayenda likazungulira kamodzi: valavu ikhale pansi, chongani pa simenti, kankhani njinga mowongoka mpaka valavu ibwererenso pansi, chonganinso, yezani. Tayala la 635 limapereka pafupifupi mamita 2.25. Tiyerekeze kuti mano ndi 44 kutsogolo, 18 kumbuyo. 44 kugawa ndi 18 ndi 2.44, kuchulukitsa ndi 2.25 mupeza mamita 5.5 pa kupalasa kamodzi. Munthu wopalasa ka 60 pa mphindi akuyenda pafupifupi makilomita 20 pa ola. Pamalo athyathyathya zili bwino, koma pa zitunda za kwathu kuno, ndi thumba kumbuyo, imeneyo ndi giya yotsikira n'kumakankha. Mukaika sipuloketi ya mano 20 mtunda umatsika kufika mamita 4.95, mwendo n'kupepukidwa. Njinga ya matayala a 26, ozungulira pafupifupi mamita 2.07, mano omwewo 44 ndi 18 amapereka mamita 5 okha. Mukaona njinga imodzi ikukwera chitunda mosavuta kuposa inzake, chifukwa chake nthawi zambiri chili pa masamu amenewa, osati pa dzina lolembedwa pa fulemu. Nambala imeneyi ilowe m'kabokosi kanu.

Masipoko: awerengeni, ambiri amakhala 36, ndipo njinga zina zakale zimakhala ndi 32 kutsogolo, 40 kumbuyo. Funsani geji yake. Ya 14 ndi mamilimita 2.0, ya 13 ndi 2.3, ya 12 ndi 2.6; nambala ikamatsika sipoko ikunenepa. Finyani awiriawiri ndi dzanja kuzungulira gudumu lonse. Onse akhale olimba mofanana. Anthu amaganiza kuti sipoko imaduka chifukwa chomangitsa, koma kawirikawiri imaduka yolobodoka, chifukwa imapindika n'kuwongoka pa kuzungulira kulikonse mpaka chitsulo chitatopa pa kakhosi kake pa habu, chitsulo cha pakati pa gudumu chija. Ikaduka imodzi, zoyandikana nazo zimasenza katundu wake, n'kumatsatana. Zungulitsani gudumu choko chili pafupi ndi limu. Pamene choko chakhudza ndi pamene yapotoka. Chitani zimenezi musanayambe kuyesa ndiponso mutamaliza, mulembe kusiyana kwake.

Gwirani gudumu pamwamba mugwedezere uku ndi uku. Likamagogoda, makoni a mu habu, tizitsulo topanikiza mabering'i, ndi omasuka. Likamalimba pozungulira, amangitsa, ndipo mabering'i adzadya kapu imene amakhalamo. Njinga zambiri zotsika mtengo zimabwera ndi girisi wongonunkhiza. Pemphani makaniko atsegule habu imodzi inu mukuona, mujambule. Mwachizolowezi kumbuyo kumakhala timipira 9 mbali iliyonse ta kota inchi, kutsogolo 10 ta 3/16.

Ngati mikono ya mapedulo ndi yomangira kotapini, kachitsulo kogwira mkono pa ekiselo, iyang'aneni tsiku lililonse. Mukamva mwendo ukudumpha pang'ono pamene pedulo yafika pamwamba, kotapini yayamba kudyeka. Amaikhoma ndi hamala mkono utachirikizidwa pansi, kenaka n'kumanga nati. Woikoka ndi nati yokha amangodula mazinga. Pedulo ya kumanzere imamangidwa mobwerera, sipanala yake ndi 15. Ambiri amaononga mkono watsopano pokakamiza kumangira kumanja.

Tsopano kukwera. Msewu ukhale umodzi, wokwera mmodzi, mpweya wofanana ndi umene walembedwa pa tayala. Sankhani njira ya makilomita 5 mpaka 10 yokhala ndi tala, fumbi ndi chitunda chimodzi. Njinga iliyonse iyende katatu yopanda katundu, katatu ndi thumba la makilogalamu 50, ndipo muzisinthanitsa yoyamba, apo ayi yachiwiri idzaoneka yolemera nthawi zonse chifukwa miyendo yatopa. Kupitirira 50 onani kaye zimene opanga analonjeza. Opanga njinga za Buffalo, mwachitsanzo, amanena kuti kaliyala yawo imanyamula makilogalamu 100. Ngati opanga sananene nambala, imeneyo ndi mfundo yoti ilembedwe.

Mabuleki ayeseni pa msewu wopanda magalimoto, osati pa M1 pamene mathiraki a ku chipata cha Dedza amadutsa. Jambulani mzere ndi choko, fikanipo pa liwiro la makilomita 20 pa ola, gwirani, yezani pamene mwaima. Katatu pouma, ndiye thirani madzi pa malimu mubwereze. Limu yachitsulo yonyezimira ikanyowa, labala imangoseseleka gudumu n'kuzungulira kangapo isanagwire, ndipo kusiyana kwake kudzakudabwitsani. Buleki ya m'habu yopondera chambuyo siopa mvula, koma imatentha pa mtsetse wautali mpaka girisi kusungunuka, ndiponso tcheni chikagwa buleki yatha. Pa chifukwa chimenechi Khwekhwerere wotsikira ku Golomoti uja si malo oyesera njinga yosaidziwa ili ndi katundu, ngakhale zithunzi zake zingakongole bwanji.

Tayala likaphwa musangomata; onani bowo. Timabowo tiwiri toyandikana ndiye kuti mpweya unali wochepa, chubu chinapanidwa ndi limu pa mwala. Bowo la m'kati, loyang'ana ku limu, ndi mutu wa sipoko kapena lamba wa pa limu wasuntha, ndipo limenelo ndi vuto la omanga njinga. Bowo la kunja ndi minga basi, njinga ilibe mlandu.

Masabata awiri sangakuuzeni ngati njinga ndi yolimba. Pezani wa kabaza kapena mlimi amene wakhala ndi mtundu womwewo kwa chaka, muyeze tcheni chake. Chatsopano, mfundo 12 zathunthu ndi mainchesi 12 ndendende. Chikatalika ndi milimita imodzi ndi theka n'chofunika kusintha. Chikafika mamilimita 3, sipuloketi nayo yapita. Pomaliza yendani wapansi m'masitolo a pa Dedza boma, pa Lizulu ndi pa Ntcheu boma mufunse zinthu zisanu za njinga iliyonse: tayala, chubu, masipoko, malabala a buleki ndi ekiselo ya kumbuyo. Njinga yabwino imene sipeya wake ali ku Lilongwe kokha ndi nkhani ina kwa munthu wa ku Kasumbu.

Wa pa Bembeke:

Zikomo kwambiri a Mkonzi ndi a Makaniko, ndakopera zonse m'kope. Zatsala ziwiri. Kamera ndilibe, ndili ndi foni yokha. Kodi zithunzi zake zingasindikizike? Komanso pa mpikisano munthu amaima pati, poti opalasawo amangodutsa kamodzi n'kupita?

Wojambula wa ku Ntcheu:

Foni ikwana, achemwali, bola muisamale njira yotumizira. Osindikiza amafuna madontho 300 pa inchi. Tsamba lathunthu la A4 ndi mapikiselo 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali, kuwonjezerapo mamilimita 3 mbali zonse amene amadulidwa ndi makina. Foni ya mamegapikiselo 12 imatulutsa 3000 ndi 4000, ndiye ikukwana ngati mwajambula choimirira ndipo simunadule. Chimene chimapha zithunzi ndi WhatsApp: mukatumiza monga chithunzi wamba imachifinya, pa foni chimaoneka bwino, pa pepala n'kutuluka mabokosimabokosi. Tumizani ngati dokyumenti kapena pa imelo. Osakoka chithunzi ndi zala kuti chiyandikire. Yandikirani ndi miyendo. Pukutani galasi ndi nsalu musanayambe, chifukwa fumbi ndi thukuta la m'thumba zimaika chifunga.

Njinga yoima ijambuleni mbali ya kumanja, kumene kuli tcheni, foni ili pa msinkhu wa chishalo, kumbuyo kuli khoma kapena munda wopanda zosokoneza. Kenaka tengani za pafupi: manambala a pa tayala, pamene kaliyala yalumikizana ndi fulemu, buleki, m'kati mwa habu. Dzuwa la masana limaphulitsa malimu onyezimira. Jambulani m'mawa kapena chakumadzulo. Mu Juni ndi Julaye nkhungu ya ku Dedza imachedwa kuchoka, koma ikangoyamba kupepuka kuwala kwake n'kofewa bwino. Chithunzi choti chingakhale pachikuto musiye malo pamwamba polemba dzina la magazini.

Za mpikisano, ntchito imayamba dzulo lake. Pezani kwa okonza mndandanda wa opikisana ndi manambala awo, mtunda weniweni, magulu, amuna, akazi ndi achinyamata, ndiponso dzina la amene akusunga nthawi. Funsani ngati mpikisanowo ukudziwika ndi Cycling Federation of Malawi, chifukwa zimenezo zimasintha kulemera kwa zotsatira. Yendani njirayo pa njinga yamoto musankhe malo awiri okha: chitunda chachikulu ndi pomalizira. Pa chitunda ndi pamene liwiro limatsika, nkhope zimaoneka, ndipo gulu limasweka. Gwiranani ndi wa njinga yamoto amene akudziwa njira yachidule yokafikira pomalizira opalasa asanafike. Mukatsatira m'mbuyo mwawo mudzapeza mphoto zaperekedwa kale.

Muyenera kumvetsa chifukwa chake amayenda mounjikana. Wobisala kumbuyo kwa mnzake amapulumutsa mphamvu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, chifukwa mphepo ikumenya wa kutsogolo. Ndiye amene akutsogolera gulu pakati pa ulendo si amene akupambana. Mwina akugwirira ntchito mnzake, mwina sakudziwa. Nkhani ili pa amene wathawa pagulu, anathawira pati, anali ndi ndani, ndipo anagwidwa kapena ayi. Yezani mpata nokha: sankhani mtengo kapena chikwangwani, yambitsani wotchi ya pa foni oyamba akadutsa, imitsani gulu likafika. "Pa chitunda anali patsogolo ndi masekondi 50" ndi chiganizo chimene wina aliyense sadzakhala nacho.

Pojambula, gwirani chala pa sikirini ya foni, pa malo a msewu pamene adzadutse, mpaka foni itseke fokasi, ndiye jambulani zotsatizana. Ngati foni ili ndi zosintha pamanja, ikani liwiro la shatala pa 1/1000 ya sekondi kuti aime osachita chizirezire. 1/60 ndi yoyendetsa foni motsatira wopalasa kuti kumbuyo kuoneke liwiro, koma imeneyo iyesereni pa a kabaza kaye. Pomalizira imani patsogolo ndithu pa mzere, m'mbali mwa msewu. Munthu wothamanga mutu uli pansi sakuonani.

Zotsatira dikirani zosainidwa ndi woweruza, muzijambule pepala lake. Olowa pagulu limodzi amapatsidwa nthawi imodzi ngakhale malo awo ndi osiyana, choncho musadabwe. DNF ndi amene sanamalize, DNS ndi amene sanayambe n'komwe, musawasakanize. Liwiro muwerengere nokha, ndipo samalani apa: maola 2 ndi mphindi 30 ndi 2.5, osati 2.30. Makilomita 80 pa nthawi imeneyo ndi 32 pa ola. Mukagawa ndi 2.30 mupeza pafupifupi 35, n'kumupatsa munthu liwiro limene sanathamange. Wopambana aliyense adzamufunsa. Inu pitaninso kwa wachiwiri, kwa wopambana wa akazi, ndi kwa amene njinga inamuthyokera panjira, mufunse chimene chinathyoka.

Tcheyamani wa pa Siteji:

Aunt athu olemba nkhani, zonse zanenedwazi n'zoona, koma a Makaniko asiya chimodzi. Thumba la chimanga silisuntha, munthu amasuntha. Ngati njingazo akuti ndi zoyenera kabaza, ziyesedwenso ndi munthu kumbuyo, makamaka mayi wokhala cham'mbali atabereka mwana, chifukwa kulemera kumapendekera mbali imodzi. Onani ngati kaliyala ndi yaitali mokwana khushoni, ngati pali poika zopondapo, ngati chitenje chingakodwe m'masipoko, ndiponso ngati chidendene cha wopalasa chikugunda phazi la wokwera. Kaliyala zambiri za m'sitolo timakazichotsa n'kuwotcheretsa zathu za nsimbi yonenepa, ndiye funsani anyamata chimene amasintha sabata yoyamba akagula njinga yatsopano ndi ndalama zake. Mtengo weniweni wa njinga ya kabaza ndi wa m'sitolo kuphatikiza zimenezo.

Pobwera pa siteji yambani mwaonana ndi komiti, ndipo pewani m'mawa ndi tsiku la msika. Cha m'ma 10 koloko kapena 2 koloko masana anthu amakhala atakhala pansi. Mukamuchotsa munthu pa mzere kwa theka la ola, mulipireni ngati ulendo, poti malo ake apita. Magazini ikatuluka bweretsani makope awiri kapena atatu.

Makaniko wa pa Lizulu:

A Tcheyamani anena zoona za munthu kumbuyo, koma wonyamulayo asakhale mlongo wathuyu. Kunyamula munthu kapena makilogalamu 100 pa njinga yachilendo ndi ntchito ya wozolowera. Mubwerekeni mnyamata mmodzi wodalirika, alipidwe tsiku lonse, ayese njinga zonse ziwiri yekhayo, mlongoyu agwire tepi, wotchi ndi kope, ndipo m'nkhani alembe kuti anapalasa ndi wa kabaza wa makilogalamu akuti. Chishalo mumukonzere pa njinga zonse mofanana: chidendene chikakhala pa pedulo ili pansi penipeni, mwendo uwongoke. Yezani kuchokera pakati pa ekiselo ya mapedulo kufika pamwamba pa chishalo, nambala imeneyo muisamutsire pa njinga inayo. Chitsulo cha chishalo chisatuluke kupitirira mzere umene opanga anadinda, apo ayi chimang'amba fulemu pakamwa pake, ndipo sitolo idzati mwathyola ndinu.